Moto m'boti

Phunziro la lero tikuliyamba ndi funso limene munthu wakumtunda angaseke nalo. Kodi moto ungaphe munthu ali pakati pa nyanja, madzi ali uku ndi uku? Ife a m'mbali mwa nyanja ya Niassa, ndi anzathu a ku Cahora Bassa, tikudziwa kuti ungathe. Nyumba ikamapsa timathawira pabwalo. M'boti mulibe bwalo.

Tsiku lina tikuphunzira pansi pa mtengo kudoko, bambo ena a m'gulu lathu anapinda malaya natisonyeza mkono wawo. Khungu linali losalala ngati la mwana, kuyambira pachigongono mpaka kuzala. Anati anali kuthira petulo m'thanki usiku ali ku usipa. Nyali inali kuyaka kutsogolo kwa boti, iwo ali kumbuyo. Petulo sanadonthere pa nyali ayi, koma moto unachita kuyenda pansi m'boti kuchokera ku nyaliyo mpaka pamene anakhala iwo. Mnzawo anatunga madzi nathira, ndipo moto unafalikira boti lonse. Anadumphira m'nyanja, nawoledwa ndi bwato la siginala. Boti, injini ndi chilimira zinapsa.

Ena kumudzi anati n'zamatsenga. Ife tiyeni tione chimene chinachitika.

Mphika sukhala pa mafuwa awiri, umafuna atatu. Moto nawonso uli ndi mafuwa ake atatu: chinthu choyaka, mpweya, ndi kutentha. Tikachotsa fuwa limodzi, moto umazima. Madzi amachotsa kutentha. Mchenga kapena chiguduli chonyowa chimatseka mpweya. Kutseka payipi ya mafuta n'kuulanda chakudya. Njira zonse zozimitsira moto zili m'mafuwa atatu amenewa.

Tsono petulo ali ndi khalidwe lake. Chimene chimayaka si madzi ake amene timawaona m'chigubu, koma nthunzi imene amatulutsa. Amaitulutsa nthawi zonse, ngakhale m'mwezi wa Juni pamene mwera ukutilowa m'mafupa. Nthunzi imeneyi sioneka ndi maso, ndipo ndi yolemera kuposa mpweya. Sikwera kumwamba ngati utsi. Imatsika n'kudikha pansi m'boti, pansi pa matabwa, monga madzi amvula adikha m'dambo. Ikakumana ndi lawi la nyali, ndudu, khala la mbaula kapena waya wothetheka, imayaka yonse pakamodzi. Ndiwo moto umene unayenda uja.

Nanga madzi analakwa chiyani? Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Lita imodzi ya petulo imalemera magalamu pafupifupi 750 okha. Choncho petulo amayandama. Tikathira madzi, petulo woyakayo amakwera pamwamba pa madziwo, ndipo kumene madzi apita, moto upitanso. Madzi ndi abwino pa matabwa, nsalu, zingwe ndi ukonde. Pa mafuta ndi mdani.

A ku Tete sanaiwale za pa 17 Novembala 2016. Ku Caphiridzange, m'boma la Moatize, anthu anaunjikana ndi zigubu pa galimoto yonyamula petulo. Moto unabuka, ndipo anthu oposa 70 anamwalira, ena pomwepo, ena kuchipatala. Petulo wa m'galimoto ija ndi yemweyo amene timakhalira m'boti, pansi pa thabwa.

Pano pali ntchito ya ife ophunzira kuwerenga. Mayina a mafuta amasokoneza. Chimene ife timati petulo, m'Chipwitikizi amalemba GASOLINA. Dizilo amalemba GASÓLEO. Koma PETRÓLEO si petulo ayi, ndi palafini wa nyali. Mwana wotumidwa kumsika akamva mawuwa molakwika, akhoza kubweretsa petulo, mayi n'kuthira m'nyali. Nyali ya palafini ikathiridwa petulo imaphulika. N'chifukwa chake chigubu chilichonse chilembedwe dzina ndi zilembo zazikulu, ndipo cha petulo chisalowe mafuta ena.

Tibwere ku chozimitsira moto. Ndi chitini chachitsulo chofiira, ndipo pamimba pake palembedwa EXTINTOR. Tiyang'ane zilembo zitatu. A akuimira moto wa matabwa, nsalu ndi mapepala. B akuimira moto wa mafuta: petulo, dizilo, palafini. C akuimira moto wa gasi, ngakhale kuti pa zitini zochokera ku America chilembo chimenechi chimanena za magetsi. Chilembo chofunika koposa m'boti la injini ndi B. Chitini chimene chilibe B tisachigule, ngakhale chitatchipa bwanji. Choyenera maboti athu ndi cha ufa, cholembedwa PÓ QUÍMICO ABC. Chiliponso cha mpweya, cholembedwa CO2, chokhala ndi kamwa lakuda ngati lipenga. N'chabwino m'chipinda cha injini chotsekeka, koma m'boti lapululu mphepo imauluza mpweyawo moto usanazime.

Kodi boti likhale ndi zingati? Ku United States, kumene anthu ambiri ali ndi maboti ongoyendera kukasangalala, lamulo limawerengera kutalika kwa boti. Losafika mamita 8, ngati lili ndi thanki yomangirira kapena malo otsekeka momwe nthunzi ingabisale, likhale ndi chimodzi. La mamita 8 mpaka 12 likhale ndi ziwiri zazing'ono kapena chimodzi chachikulu. La mamita 12 mpaka 20 likhale ndi zitatu zazing'ono. Kuyambira mu Epulo 2022 anawonjeza kuti chitini chosadzazidwanso chikatha zaka 12 chipangidwireni, sichiwerengedwanso. Kumeneko kaboti kapululu ka injini yopachika kumbuyo sakakakamiza. Ife tikuti ngakhale kotero kanyamule. Pakati pa Metangula ndi Cóbuè usiku, wokuzimirani moto ndi yekhayo amene mwakhala naye m'boti. Polembetsa boti ku ofesi yoyang'anira zombo, tifunse zimene akufuna pa boti la msinkhu wathu, tizilembe papepala, pakuti kulemba tsopano tikudziwa.

Kugula kokha sikukwanira. Taona maboti ena chitini chili pansi pa ukonde ndi matumba a ufa, china chili chomangidwa pambali penipeni pa injini. Moto ukayamba, umayambira ku injini komweko, ndiye mudzachitenga bwanji? Chimangidwe chapakati kapena kutsogolo, pamalo pouma, pamene dzanja lifika msanga. Kamodzi pamwezi tiyang'ane kawotchi kake. Kamuvi kakhale pa mtundu wobiriwira. Tichitembenuze chadodolido n'kuchigogoda ndi dzanja, chifukwa ufa umaumbika ndi kugwedezeka kwa boti. Chikachita dzimbiri kunsi, chatha ntchito. Ndipo tisachiyese dala. Chikafinyidwa ngakhale pang'ono, mphamvu yake imatuluka yokha masiku otsatira.

Chinthu chimene ambiri sadziwa n'chakuti chitini chaching'ono, cha kilogalamu imodzi kapena ziwiri, chimatha m'masekondi pafupifupi 10. Werengani kuyambira 1 mpaka 10, basi chauma. Mpata wophunzira moto uli kuyaka palibe, ndiye tiphunzire lero.

Moto ukabuka, woyendetsa azimitse injini ndi kutseka mafuta. Wina agwire nkhafi, atembenuze boti kuti mphepo ikankhire malawi kunja, kutali ndi anthu. Moto ukakhala kumbuyo, mutu wa boti uloze kumene mphepo ikuchokera. Onse avale majekete oyandamitsa, ana poyamba. Wogwira chitini asolole kapini, aime mamita awiri kuchokera pamoto mphepo ili kumsana kwake, aloze patsinde pa moto, osati pa malawi. Afinye chogwirira, akuyendetsa dzanja uku ndi uku monga mayi akusesa pabwalo. Moto ukazima, tiyang'anirebe, pakuti chitsulo chotentha chikhoza kuyatsanso nthunzi. Ukafika pa zigubu zamafuta, za boti tiziiwale. Titulukire mbali imene mphepo ikuchokera, tisambire motalikira, chifukwa mafuta amayaka ngakhale pamwamba pa nyanja. Tikhale pamodzi kuti otifuna atione.

Amene alibe ndalama ya chitini asangokhala manja lende. Ndowa ya mchenga wouma ndi chiguduli chochindikala choviika m'madzi zimazimitsa moto waung'ono wa mafuta. Koma chiguduli chikhale cha gonje kapena bulangete lakale la ubweya. Thumba la pulasitiki limasungunuka n'kumatirira m'manja.

Moto wambiri umayamba pothira mafuta. Thanki yonyamulika tiitulutse, tiithirire pamchenga dzuwa lisanalowe. Apaulendo atsike. Fodya azimitsidwe. Tisadzaze mpaka pakamwa, pakuti petulo amafufuma ndi dzuwa. Zotayikira tipukute, sanzayo isabwerere m'boti. Tisanalize injini tiwerame n'kununkhiza pansi. Mphuno ikamva petulo, tidikire mphepo ipite. Nyali yotentha sithiridwa mafuta. Masiku ano ambiri tasiya nyali za palafini, tikuwalitsa ndi mababu a batire, ndipo n'zabwino. Koma batire nalo limathetheka ngati mawaya ali osenda kapena sipanala yagwera pamitu yake iwiri. Likhale m'bokosi lovundikira, kutali ndi zigubu.

Za ogona m'boti, mawu ndi ochepa. Pa 2 Seputembala 2019 boti lotchedwa Conception linapsa usiku kufupi ndi gombe la California, ndipo anthu 34 anafera m'chipinda chogona. Ofufuza anapeza kuti panalibe ndi mmodzi yemwe wokhala maso. Tizigona mosinthana.

Munthu akapsa, madzi aja amene tinawakana pa petulo tsopano ndi mankhwala. Tithire madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Tisapake mafuta ophikira, dzira kapena mankhwala otsukira mano. Nsalu yomatirira tisaisende. Tiphimbe ndi nsalu yoyera, tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsopano titenge makope athu. Tilembe mawu awa katatu: GASOLINA, GASÓLEO, PETRÓLEO, EXTINTOR, ndipo pambali pa lililonse tilembe tanthauzo lake m'chinenero chathu. Loweruka tidzakumana kudoko. Amene ali ndi chitini abwere nacho, tidzawerengere pamodzi zilembo zake ndi chaka chimene chinapangidwa. Ena abwere ndi zigubu zawo, ife tidzabweretsa utoto.