Wailesi ndi andale oopseza anthu: mafunso ndi mayankho

M'zaka zomwe America ndi Soviet Union ankalozerana zala, kungomutcha munthu wachikomyunizimu kunali kokwanira kumuchotsetsa ntchito kapena kumutsekeretsa. Ku America wina anaima pa wailesi ya kanema n'kufunsa umboni. Kuno ku Mangochi panalibe wofunsa, ndipo midzi inalira.

Kodi mantha amenewa anawakolezera ndani ku America?

Anali Joseph McCarthy, seneta wa ku Wisconsin. Mu February 1950, polankhula mumzinda wa Wheeling, anati ali ndi mndandanda wa anthu achikomyunizimu ogwira ntchito mu unduna woona za kunja. Umboni sanaonetse, ndipo chiwerengero chake chinkasinthasintha. Komabe atolankhani ambiri ankangolemba zomwe wanena, poopa kuti akamutsutsa nawonso awapaka dzina lomwelo.

Nanga anamuimitsa ndani?

Pa 9 March 1954, Edward R. Murrow ndi mnzake Fred Friendly a ku CBS anakonza pulogalamu yonse ya See It Now yokamba za McCarthy. Sanamunyoze. Anaonetsa zithunzi za iye mwini akulankhula, akuzazira mboni, akudzitsutsa yekha, kenaka n'kuika zoona pambali pa mawu akewo. Anamupatsanso mpata woyankha pa pulogalamu yomweyo, ndipo anayankhadi mu April.

Ndiye kuti pulogalamu imodzi ndiyo inamugwetsa?

Ayi. Kuyambira April mpaka June chaka chomwecho, mkangano wake ndi asilikali unaulutsidwa pa kanema uku ukuchitika, anthu n'kudzionera okha khalidwe lake. Pa 2 December 1954 maseneta anzake anamudzudzula ndi mavoti 67 kwa 22. Chomwe Murrow anachita n'kuchotsa mantha, kuti ena aone kuti munthuyo angathe kufunsidwa. Kulimba mtimako kunali ndi mtengo wake: kampani ya Alcoa inasiya kulipirira pulogalamuyo, ndipo mu 1958 inatha.

Zikukhudzana bwanji ndi Malawi?

Mu September 1964, patangotha miyezi iwiri tilandire ufulu, Dr Kamuzu Banda anayambana ndi nduna zake. Ndunazo zinkadandaula za tiki yomwe odwala ankalipira kuchipatala, kuchedwa kupatsa Amalawi maudindo m'boma, komanso ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique. Koma Banda anakokera nkhani yonse ku China, kunena kuti kazembe wa dzikolo ku Dar es Salaam analonjeza thandizo la mapaundi 18 miliyoni, ndipo analoza chala makamaka Kanyama Chiume, mmodzi wa ndunazo. Kuchokera apo madandaulo aja anaiwalika. Panatsala dzina limodzi lokha: zigawenga.

N'chifukwa chiyani Mangochi ndiyo inavutika kwambiri?

Henry Masauko Chipembere, nduna ya zamaphunziro yomwe inatula pansi udindo, anali phungu wa Fort Johnston (Mangochi ya lero), ndipo ku Malindi ankamukonda kwambiri. Mu February 1965 iye ndi omutsatira analanda boma la Fort Johnston, koma ulendo wawo wa ku Zomba unathera pa doko la Liwonde. Kubwezera kwa boma kunagwera anthu wamba. Midzi inaotchedwa, Medson Silombela, mmodzi wa otsatira Chipembere, ananyongedwa ku Zomba mu 1966, ndipo mu 1971 anthu a m'mudzi wa Moto anatengedwa kukatsekeredwa ku Dzaleka popanda kuzengedwa mlandu. Chipembere mwiniyo anakathera ku America, komwe anamwalira mu 1975.

Kodi MBC inali kuti pamene zonsezi zinkachitika?

Inali m'manja mwa boma, ndipo inali wailesi yokhayo m'dziko muno. Kanema tinadzakhala naye mu 1999. Nkhani zinkayamba ndi Ngwazi, nyimbo zinkanyoza zigawenga, ndipo wonenezedwa sankamveka mawu ake. Tisafulumire kuweruza omwe ankagwira ntchito kumeneko. Mu 1973 atolankhani angapo anatsekeredwa popanda mlandu, ndipo mu 1989 mtolankhani Mkwapatira Mhango anaphedwa pamodzi ndi abale ake nyumba yawo itaponyeredwa bomba ku Lusaka. Murrow anali ndi makhoti ndi malamulo omuteteza. Anzathuwa analibe.

Nanga anthu zoona ankazimva kuti?

Ankatchera za kunja, monga BBC. Bambo ankatseka chitseko madzulo, kutsitsa mawu, n'kugunditsa khutu pa wailesi, ana atauzidwa kuti asakanene kusukulu. Mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo pa 8 March 1992, ndiponso Chakufwa Chihana atamangidwa pa 6 April, wailesi zakunja ndizo zinafikitsa mbali inayo kwa msodzi wa ku Makanjira ndi wa ku Malombe. Pa 14 June 1993 anthu anasankha zipani zambiri.

Poti lero wailesi zachuluka, vutoli silinathe?

Zachulukadi. Ku Monkey Bay kuli Dzimwe, m'tauni ya Mangochi muli Radio Maria, ndipo Zodiak ndi zina zimamveka kunyanja konse. Koma pa zionetsero za 20 July 2011, bungwe la MACRA linaletsa wailesi kuulutsa zomwe zinkachitika m'misewu, pomwe anthu ankafa. Ndipo ngakhale dzina la chikomyunizimu linatha mphamvu, kachitidwe kake kakadalipo. Lero wotsutsa amatchedwa wogulidwa ndi azungu, wa mtundu wakuti, kapena mdani wa chipembedzo. M'boma lomwe Asilamu ndi Akhristu amagula nsomba pa doko limodzi, mawu otere akaulutsidwa osafunsidwa angathe kuyatsa moto.

Tsono mtolankhani wa pa wailesi achite chiyani wandale akayamba kutchula anzake mayina?

Amufunse pomwepo kuti: "Bwana, mwanena kuti akuluwa ndi ogulidwa. Umboni wake uli kuti?" Akazemba, abwereze funsolo mwaulemu. Asunge mawu omwe wajambula, kuti mawa wandaleyo akakana adzamvetsere yekha. Aimbire wonenezedwayo tsiku lomwelo. Akane kaenvulopu ka ndalama ya thiransipoti, chifukwa wolandira safunsa. Ndipo wailesi ina ikaopsezedwa, zinazo zisakhale chete, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ife omvera tili ndi mbali yanji?

Tikamaimba foni pa pulogalamu, tifunse za mtengo wa mafuta a injini, za chambo chomwe chikusowa, za mankhwala m'zipatala zathu. Wandale akathawira ku mayina, timubweze ku funso. Anthu a ku Moto analibe nambala yoti aimbe. Ife tili nayo, ndipo tiigwiritse ntchito.