Phunziro la Mzati ndi Udzu: Kufunsa Mtundu Wonse

Ana inu, taonani nyumba za kwathu kuno ku Phalombe. Udzu wa padenga ukaola, mwini nyumba afolera wina, osaitana mudzi. Koma akafuna kuzula mzati, ayamba waitana abale, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Dziko nalonso lili ndi mizati yake, ndiyo Malamulo Aakulu oyendetsera dziko. Kufunsa anthu onse za mizati imeneyi kutchedwa riferendamu.

M'Malawi muno mtundu wonse udafunsidwa chotero kamodzi kokha. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya mabishopu a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi, yodandaula kuti anthu alibe ufulu wakunena zakukhosi. Mu Okutobala chaka chomwecho Dr. H. Kamuzu Banda adalola kuti anthu afunsidwe: kodi afuna chipani chimodzi, kapena zipani zambiri?

Poyamba adaika tsiku la 15 Malichi 1993. Koma a United Nations adati nthawi yachepa, pakuti anthu ayenera kulembetsa maina ndi kumva mbali zonse ziwiri. Tsono tsikulo adalisunthira pa 14 Juni. Ife alimi tidziwa ubwino wake. M'Malichi mitsinje yotsika ku Mulanje ndi ku Michesi idzala, ndipo njira zili matope. M'Juni dzinthu zili m'nkhokwe, ndipo nkhalamba yomwe ikhoza kuyenda.

Pa tsikulo makolo anu adafola mizere. Masiku amenewo Phalombe adali m'boma la Mulanje, pakuti adapatulidwa mu 1998. Wofuna chipani chimodzi adasankha tambala wakuda. Wofuna zipani zambiri adasankha nyale. Mwa anthu 10 alionse, oposa 6 adasankha nyale, ndimo mzati wakale udazulidwa popanda nkhondo.

Nanga tifunsidwe kangati? Ku Switzerland anthu avota pa milandu yotere kufikira kanayi pa chaka, chifukwa adazolowera kuyambira kale. Malamulo athu adatsata njira ina. Zigawo zina aphungu a Nyumba ya Malamulo akhoza kuzisintha okha, akavomereza awiri mwa atatu alionse: umenewo ndiwo udzu. Koma zigawo za ufulu wachibadwidwe wa munthu sangazigwetse okha, osafunsa anthu onse: imeneyo ndiyo mizati.

Wozula mzati chaka ndi chaka agona pa mvula. Wokana kuzula mzati wodyedwa ndi chiswe, denga limgwera. Chifukwa chake mtundu ufunsidwe pa mlandu waukulu wokha, ndipo upatsidwe nthawi yakuganiza. Inu mudzakula, mudzafunsidwa nanunso. Phunzirani kuwerenga tsopano, kuti tsiku limenelo mudzadziwe chimene muvomera.

Mafunso

1. Kodi riferendamu n'chiyani?
2. Chifukwa ninji tsiku la 15 Malichi lidasinthidwa?
3. Funsani agogo anu zimene adaona pa 14 Juni 1993, mudzatiuze mawa.