Mawu oti "akuti": tisanakhulupirire nkhani, tifunse kaye

Anzanga ophunzira, mu 2017, ine ndili ku pulayimale, kunabuka mphekesera ya anamapopa m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Kwathu dzuwa likangolowa amayi ankatchinga chitseko ndi mtondo. Aliyense ankati, "Akuti apopa munthu magazi kutsidyaku." Ukafunsa kuti waona ndani, yankho linali limodzi: "Ndangomva." Anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu olusa, mpaka bungwe la United Nations linachotsa ogwira ntchito ake ena ku Mulanje ndi ku Phalombe. Koma madokotala ananena kuti panalibe umboni woti wina anapopedwadi magazi.

Lero "akuti" uja walowa mu foni. Uthenga wa pa WhatsApp wokhala ndi timivi tiwiri ndi mawu oti "Forwarded many times" wadutsa m'manja ambiri, ndipo amene wakutumizira, kaya ndi malume ako enieni, sadziwa komwe unachokera. Ndiye funso loyamba n'lakuti, wayamba kunena ndani, ndipo anaona yekha kapena anangomva?

Apa m'pamene wailesi ndi nyuzipepala zimasiyana ndi gulu la pa WhatsApp. Nkhani ya pa Zodiak, MBC, The Nation kapena The Daily Times imakhala ndi mtolankhani wodziwika ndiponso mkonzi, ndipo akanamizira munthu angathe kutengeredwa kukhoti. Sindikunena kuti salakwitsa ayi. Pa nkhani za ndale makamaka, ine ndimamvera nyumba ziwiri n'kuona zimene wina wasiya.

Chinanso ndi tsiku. Chithunzi cha madzi osefukira chingakhale chenicheni, koma cha namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023, wina n'kuchitumiza ngati zachitika dzulo. Chithunzicho sichinaname, wanama ndi amene walemba mawu apansi pake.

Inenso zinandigwerapo. Chaka chatha ndinalandira uthenga woti zotsatira za MSCE zatuluka, ndipo ndinathamangira kukauza achimwene anga. Anayenda wapansi mpaka kusukulu, osapeza kanthu. Uthengawo unalibe dzina, unalibe tsiku, unangoti "tumizani kwa ena msangamsanga." Zotsatira amalengeza ndi a MANEB pamodzi ndi unduna wa zamaphunziro, ndipo zikatuluka wailesi zonse zimanena tsiku lomwelo. Ndikanangotsegula wailesi basi.

Ntchito ya sabata ino: lembani nkhani imodzi imene mwamva, amene anakuuzani, ndi amene anamuuza iyeyo. Tidzaone Lachisanu kuti mzerewo ufika pati.