Ndege ya Nkhondo Yotchedwa Cheetah

Kakwiyo ndi nyama yaliŵiro kuposa nyama zonse za m'thengo. Pa Chingerezi amamutcha Cheetah, ndipo dzinali linapatsidwanso kwa ndege ya nkhondo imene inakonzedwa ku South Africa.

M'chaka cha 1977, bungwe la United Nations linaletsa maiko onse kugulitsa zida za nkhondo ku South Africa chifukwa cha ulamuliro wa tsankho. Ndege zimene dzikolo linagula kale ku France, zotchedwa Mirage III, zinali kukalamba. Posoŵa kogula zina, amisiri a kampani ya Atlas, pafupi ndi Johannesburg, anaziphwasula nazimanganso mothandizidwa ndi akatswiri a ku Israel. Anaikamo zipangizo zatsopano ndi timapiko tiŵiri chakutsogolo, tothandiza kukhota msanga. Cheetah yoyamba inaonetsedwa kwa anthu mu 1986.

Ndegeyi inkamenyana ndi ndege zinzake, inkaponya mabomba, ndiponso inkamwa mafuta ili m'mlengalenga. Liŵiro lake linkaposa kaŵiri liŵiro la mau. Ikadadutsa pamwamba pa Kachebere ku Mchinji pa liŵiro lotere, ikadafika ku Lilongwe mphindi zinayi zisanathe.

Tsankho litatha mu 1994, chiletso chija chinachotsedwa. Mu 2008 Cheetah inasiya ntchito, ndipo ndege za Gripen zochokera ku Sweden zinaloŵa m'malo mwake. Luso la amisiri aja linali lalikulu ndithu, koma silinathe kupulumutsa ulamuliro wozunza anthu.

Mafunso
1. Kodi South Africa inaletsedwa kugula zida chifukwa ninji?
2. Tchulani ntchito ziŵiri za Cheetah.