Digiri kaye, satifiketi pa nthawi yake

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 19 wa ku Torwood, muno mu Redcliff. Ndakhoza bwino A Level, masamu ndi omwe, ndipo mtima wanga uli pa digiri ya zamakompyuta. Koma amalume, amene amatithandiza ali ku Joni, akuti zaka zinayi n'kutaya ndalama, ndingolemba mayeso a satifiketi ya CCNA basi ndiyambe ntchito chaka chisanathe. Agogo, amene adachoka ku Dedza kudzagwira ntchito ku kampani ya ZISCO, angoti chete. Nditani?

Wothedwa nzeru, Torwood

Mwana wanga,

Amalume ako sakukufunira zoipa. Ndalamazo amazikhetsera thukuta, ndipo anyamata a madigiri ogulitsa ma airtime m'misewu ya Kwekwe amawaona ndi maso awo akabwera kutchuthi. Komabe ine ndikuti pita ku yunivesite, ndipo chifukwa chake chili pakhomo panu pomwepo. Ng'anjo za ZISCO zitazima mu 2008, tauni yonse idagwada, chifukwa moyo wa Torwood ndi Rutendo udamangidwa pa kampani imodzi. Satifiketi ngati CCNA nayo imakumangirira ku zipangizo za kampani imodzi, Cisco, ndipo mwini wake amaisintha mmene wafunira. Mu February 2020 Cisco idaphatikiza nthambi zambiri za CCNA kukhala mayeso amodzi. Mu January 2021 Microsoft idathetsa MCSA ndi MCSE, mapepala amene anthu ankawakhomerera pakhoma monyadira. Ngakhale popanda kusintha kotere, CCNA imatha mphamvu pakapita zaka zitatu ukapanda kuikonzanso, chimodzimodzi A+ ndi Security+ za CompTIA. Digiri siitha choncho, chifukwa imakuphunzitsa zimene zili pansi pa zipangizozo: mmene pulogalamu imaganizidwira isanalembedwe, mmene database imasanjidwira, chifukwa chake uthenga umasochera pa netiweki. Wodziwa zimenezi, chipangizo chatsopano chikabwera amachizolowera m'masabata ochepa.

Amalume anganene kuti olemba ntchito amafuna munthu wodziwa kugwira ndi manja, osati wodzaza mutu ndi zam'buku. Apa akunena zoona, ndipo ndi pamene satifiketi imalowera. Ku Midlands State University ku Gweru, ulendo wa ola limodzi pa kombi, ngakhalenso ku NUST ku Bulawayo, chaka chachitatu ophunzira amakhala pa attachment m'makampani. Malo ake ndi olimbirana. Lemba CCNA kumapeto kwa chaka chachiwiri, kuti pofunsira malowo ukhale ndi chokusiyanitsa ndi anzako a kalasi imodzi, komanso kuti pomaliza digiri ikhale ikadali ndi moyo. Ukailemba lero, idzatha usanavale n'komwe gauni, ndipo madola 300 a ku America amene mayesowo amadya adzakhala atapita ndi mphepo. Satifiketi imodzi ikwanira. Kuunjika zisanu usanadziwe mbali imene ukuikonda n'kugula mbiya zambiri chitsime usanakumbe. Kukonzekera kokha ungayambe usiku uno: pulogalamu ya Packet Tracer ndi yaulere kudzera ku Cisco Networking Academy, ndipo pa laputopu yakale, magetsi akabwera pakati pa usiku, ungalumikize ma router awiri pa sikirini, n'kutumiza ping mpaka mbali inayo itayankha.

Posankha digiri usakopeke ndi dzina lokoma pa chikwangwani. Funsa ngati ndi yovomerezedwa ndi bungwe la ZIMCHE, ndipo pempha mndandanda wa maphunziro ake uone ngati muli masamu okwanira ndi kulemba mapulogalamu chaka chilichonse. Popeza masamu umawatha, Computer Science ikuyenera kuposa digiri imene theka lake ndi zamalonda.

Chotsutsa chimene sindingachikankhire pambali ndi thumba. Ngati ndalama za zaka zinayi, chakudya ndi lendi ya ku Gweru palibedi, usayambe chinthu chokathera panjira. Kwekwe Polytechnic ili pafupi, ungamapite kuchokera kunyumba, n'kutenga dipuloma ya HEXCO, digiri n'kudzaitsatira ukugwira ntchito. Koma zimenezi zidziwike ndi mawerengero, osati ndi mantha. Lemba papepala fizi ya semesita iliyonse, lendi, thiransipoti ndi chaka chimene udzalembe CCNA, uwatumizire amalume pa WhatsApp. Uwapemphenso agogo akhalepo pokambiranapo, amalume amve kuchokera pakamwa pawo mmene zidakhalira m'nyumba za ku Torwood malipiro a ku ZISCO atasiya kubwera.

Azakhali