Mtima Ukafooka, Musadumphitse Mankhwala

Lero tikambirane za matenda a kufooka kwa mtima.

Ambiri akaona kuti miyendo yaphwa ndipo phuma latha, amasiya mankhwala. Chonde, musasiye. Mukasiya, madzi amadzazanso m'mapapo.

Imwani tsiku lililonse, monga anakuuzirani kuchipatala. Tsiku lililonse. Aja okodzetsa, monga Lasix, imwani m'mawa kuti usiku mugone bwino.

Chepetsani mchere m'ndiwo. Brufen wa pa kantemba mupeweni, amasungitsa madzi m'thupi.

Nsapato zikayamba kuthina, kapena mukamabanika pogona, thamangirani kukiliniki kapena kuchipatala cha Chongwe.

Mankhwala asanathe, katengeni ena. Musadumphitse ngakhale tsiku limodzi.