Timapepala tiwiri timene ndinawerengera agogo

Mwezi watha ndinaperekeza mayi kusikelo ndipo ndinatola timapepala tiwiri patebulo la alangizi a zaumoyo. Kena kanali ka khansa ya prostate, kena ka kusiya fodya. Tinali ta Chingerezi, ndiye kwathu wotanthauzira ndinali ine. Ndinkaganiza za agogo aamuna, amene amasuta chingambwe kuyambira ine ndisanabadwe, komanso usiku amadzuka mwina kanayi kukataya madzi.

Prostate ndi kachiwalo ka amuna okhaokha, kukula kwake ngati ndimu yaing'ono. Kali kunsi kwa chikhodzodzo ndipo kanazungulira njira ya mkodzo. Kakatupa kamafinya njirayo, choncho munthu amakodza pafupipafupi, mkodzo umatuluka mofooka, nthawi zina umachita kudontha. Koma mvetsetsani apa anzanga: amuna ambiri akamakalamba kachiwaloka kamakula popanda khansa iliyonse. Komanso khansa yeniyeniyo ikamayamba nthawi zambiri siionetsa chizindikiro. Ndiye kungoyang'ana munthu sungadziwe, pamafunika kuyezetsa.

Amene ali pachiopsezo kwambiri ndi amuna opitirira zaka 50, makamaka anthu akuda ngati ifeyo, ndi amene bambo kapena m'bale wawo anadwalapo. Kuchipatala amayeza magazi poona chinthu chotchedwa PSA. Chikakwera sikuti basi ndi khansa ayi, amafufuzanso. Kuyeza kwina dokotala amavala magulovu n'kupapasa kachiwaloko ndi chala kudzera kumbuyo. Apa m'pamene ndinachita chibwibwi. Zimenezi ungawauze bwanji agogo ako? Ndinangowapempha malume kuti amalize okha chiganizocho, ine n'kupita kukathira madzi m'ndowa yodzadza kale.

Za fodya sizinavute kufotokoza, koma kuzimva. Mufodya muli nikotini, ndiye amene amabweretsa chibaba. Utsi wake umayambitsa khansa ya m'mapapo, ya chikhodzodzo ndi ya kum'mero, yomwe kuno ku Malawi yavuta zedi. Bungwe la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, kuphatikizapo ena osasuta amene amangopuma utsi wa anzawo. Munthu akasiya, chibaba chimavuta kwambiri masiku oyambirira, kenaka chimachepa pakapita milungu ingapo. Zimathandiza kusankha tsiku losiyira, kutaya fodya yense wa m'nyumba ndi kuuza a pabanja. Ukalephera umayambiranso, ambiri sasiya ulendo umodzi.

Agogo anamvetsera osayankha, kenaka anati, "Iwe mdzukulu, fodya yemweyu ndi amene wakulipirira fizi." N'zoona, amalima bale, ndipo ndinalibe choyankha. Ndinangoti, "Agogo, kulima pitirizani, ine ndikunena za kusuta."

Fodyayo sanasiye, angochepetsa. Koma Lachinayi lapitali anakwera njinga ndi malume kupita kuchipatala cha boma kukayezetsa, ndipo tikudikira zotsatira. Timapepalato ndatisiya kwa aphunzitsi a Bayoloje, wofuna kukawerengera akwawo akabwereke.